Nsapato za Jeke

9 Malichi

Mlongo wanga Jeke,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwinoko. Kuno tilipo, amayi ndi miyendo yawo ija, Mzime wathu, ndi ine mchimwene wako ndi makutu anga ogonthetsedwa ndi makina opalira zitsulo. Foni yako takhala tikuimba masabata atatu, ikungoti yazimitsidwa. N'chifukwa chake ndakhala pansi ndi pepala, ine amene cholembera ndimachigwira polemba muyeso wa geti basi.

Mpikisano wako wonyamula zitsulo tinaonera pa kanema kwa wometa uja. Shedi ndinatseka tsiku lonse, makasitomala ndinawauza kuti mlongo wanga akunyamulira dziko lero, mawindo awo adikire. Chitsulo chitafika pamwamba pa mutu wako, tinaona mkono wamanja ukupindikira kumene mkono supindikira. Amayi anatuluka n'kukakhala pa mwala panja. Wometa anazimitsa kanema, ndipo kuyambira pamenepo sitinamve china mpaka nyuzipepala itatuluka.

Ndiye nyuzipepalayo ikuti makilo 136 unawapempha wekha, a Kochi akukuletsa. Aikamo ndi chithunzi cha khadi lolembapo kulemera, siginecha yako ili pomwepo. Ndaiyang'anitsitsa, ndi yako ndithu, yopendekera kumanzere ija. Chinakulowa n'chiyani? Mawondo anakung'amba kale kawiri. Malemu bambo anakutcha Jeke chifukwa unkadzutsa kumbuyo kwa ngolo iwo akusintha teyala, koma ngakhale jeke weniweni amalembedwa malire ake pambali.

Lamlungu lapitali a Kochi anabwera okha kuno kudzapepesa. Munthu waulemu ndithu. Mipando inali kwa wokhoma, ndiye anakhala pa ndowa yovundikira, n'kulira pamaso pa amayi. Potuluka anaona Mzime akusewera ndi chitsulo chako chakale chija, cha ekiselo ya lole ndi mbale zachitsulo zomwe bambo anadula. Anaima nthawi yaitali akumuyang'ana. Amusiyira tirakisuti yabuluu, akuti mwezi wamawa apite ku kampu yawo yophunzitsirako onyamula zitsulo. Mwana wa zaka 18, ukudziwa, mapazi sakuponda pansi. Ine ndati ndimve kaye kwa iwe.

Tiuze za mkono. Amayi akuti ngakhale mizere iwiri.

Mchimwene wako


2 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Amayi muwauze kuti ndili moyo, ndikudya, ndipo asamamvere za pa wailesi. Zilembozi zikuoneka ngati mapazi a nkhuku chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili ndi tizitsulo tiwiri ndi misomali isanu ndi inayi m'chigongono. Mukanakhala pafupi mukanangowotcherera, mwina zikanaoneka bwinoko. Adokotala anena mosapsatira kuti sindidzanyamulanso, chaka chino kaya chaka chilichonse. Zaka 26, achimwene. Anzanga a msinkhu uno ndiye akufika kumene pachimake.

Kalata yanu ndaiwerenga kanayi, ndipo kanayi konse ndapsa mtima. Munamupatsa pokhala. Munamulola kulira pamaso pa amayi.

Mwaiwala mmene bambo anandiphunzitsira? Ankavundikira mbale ndi masaka kuti ndisaone kulemera kwake, n'kumati, "Usawerenge, gwira unyamule." Ndinakula nazo. Zaka zisanu ndi zitatu zonsezi, pa mpikisano uliwonse, olowetsa mbale akamagwira ntchito yawo ine ndimafulatira, m'makutu nditaikamo thonje kuti ndisamve wolengeza. Nambala amalemba ndi kochi pa khadi n'kupereka ku tebulo la oweruza. Khadilo limafuna siginecha, ndiye ine ndinkasainiratu m'mawa lisanalembedwe kanthu. Ku kampu palibe amene sadziwa zimenezi, ndi wosesa yemwe.

Tsiku lija chigongono chinali chitatupa kale, anandibaya jakisoni wopha ululu. Tinagwirizana 128, yokwanira kukhala wachitatu, basi tibwerere kwathu. Iye anafuna golide chifukwa akuluakulu a bungwe loyendetsa masewerawa anakhala pa mipando yakutsogolo. Analemba 136. Ine ndinaidziwira m'mafupa. Atolankhani atamuzinga, anatulutsa khadi n'kuloza siginecha yanga.

A bungwe andilembera kuti akufuna kunditsanzika. Ife onyamula zitsulo tikamapuma timavula nsapato n'kuzisiya pathabwa lonyamulirapo, anthu n'kuwomba m'manja. Akufuna ndikatero iye ataima pambali panga, tikumwetulira. Ndawayankha kuti nsapato zanga zikadali ndi ntchito.

Ndazitumiza pamodzi ndi kalatayi, n'za Mzime. Tirakisuti ija muzipukutira girisi. Ku kampu kwatsala mtsikana mmodzi yemwe munthu uja akumudalira, ndipo ndi wa sikelo imodzi ndi Mzime. Mu Novembala kuli mpikisano wa dziko lonse, ukatha bungwe limasankha woyang'anira kampu. Mtsikana wake akagonja kwa mwana wa m'shedi yowotcherera, wophunzitsidwa ndi wolumala kudzera m'makalata, munthu uja watha. Ndikufuna ndidzaime pakhomo akutulutsa katundu wake mu ofesi ija m'katoni.

Papepala linalo pali manambala a sabata iliyonse. Inu muzilowetsa mbale n'kuvundikira ndi masaka, iye asamaone. Muzindilembera zomwe wanyamula. Foni sindiyatsa, atolankhani anditopetsa.

Jeke


20 Epulo

Achemwali anga,

Moni wochokera kwa ine Mzime wanu. Mkono uli bwanji? Misomaliyo mumaimva mukamagona?

Nsapato zafika. Ndinayamba ndazinunkhiza, musaseke, zikumveka choko ndi mafuta opaka aja. Zandikulira pang'ono, ndiye ndafutsamo nyuzipepala ija inakunenani zoipa. Tsiku lililonse ndikumaiponda. Chidendene chake chamtengo chikamenya pansi chimalira ngati nyundo, mpaka mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu amadziwa kuti ndayamba.

Timayamba m'mawa achimwene asanayatse makina. Ndimafulatira, ndimayang'ana kalendala ija ya kampani ya penti, iwo n'kumagubuduza mbale kumbuyo kwanga akudandaula za msana wawo ngati onyamula ndi iwo. Akamaliza amandigwira paphewa. Masaka ndi a makala, ndiye pomaliza ndimaoneka ngati ndachokera m'ng'anjo. Kodi thonje mumaika lochuluka bwanji? Langa likumagwa ndikakankha chitsulo m'mwamba.

A Kochi atumiza uthenga kawiri. Achimwene awayankha kuti mwana ali ndi mphunzitsi kale. Tirakisuti inali yokongola, sindinama, koma tsopano ndi nsanza zinayi ndipo imodzi yapsa kale.

Zomwe anakuchitani sindidzaziiwala. Ndinali ndi zaka khumi mmene munkachoka, ndimakumbukira mukundinyamula ndi dzanja limodzi kundikhazika padenga la shedi, amayi akukuwa. Inu lembani manambala, ine ndizinyamula. Mutati ndinyamule shedi yonseyi ndikhoza kufunsa pogwira basi.

Mng'ono wanu,
Mzime


15 Juni

Jeke,

Moni mlongo wanga. Tikuthokoza kuti pulasitala anachotsa. Amayi akufunsa ngati wapeza chochita kumeneko, kapena ubwere udzapumire kuno. Chipinda chako tinasungiramo mapaipi koma n'zochotsa tsiku limodzi.

Za ntchito yathu, nayi nkhani. 74 Mzime ananyamula bwino. 78 ananyamula. 82 ya sabata yathayi inafika pachifuwa, koma poimirira nayo mawondo anagundana, ndipo atakankha m'mwamba anayenda nayo masitepe atatu mpaka kutsala pang'ono kugwera pa makina. Anaimaliza, inde. Koma kuyambira tsiku limenelo akuyenda atagwira m'chiuno. Dzulo amayi anamutuma kusesa, ndinamuona akusesa chogwada. Ndikamufunsa akuti palibe kanthu, ndipo wandiletsa kukulembera.

Ine za masewera anu sindidziwa, koma chitsulo ndimachidziwa. Chikatsala pang'ono kuthyoka chimakuuza, ukakhala wotchera khutu, ngakhale khutu lake ngati langali. Pepala lako likuti pofika Okutobala akhale pa 103. Makilo makumi awiri pa miyezi inayi, kwa mwana woti chaka chatha ankangosewera. Bwanji titsitseko pang'ono? Novembala wa chaka chamawa alikonso, ndipo a Kochi ako sakuthawa.

Usandimve molakwika. Nanenso ndikamuganiza munthu uja atakhala pa ndowa yanga, ndowayo ndimaimenya theche. Koma mlongo mmodzi ndinamuonera kale pa kanema.

Mchimwene wako


28 Juni

Achimwene,

Moni. Ndikumva kuti nonse muli bwino kupatula mtima wanu, umene wafewa ngati buledi wonyowa.

Msana umawawa. Wanga unawawa zaka khumi ndipo ndinabweretsa mamendulo asanu ndi awiri omwe amayi amapukuta Loweruka lililonse. Mumuikire nsalu yotentha, agone pansi, m'mawa adzuke anyamule. Chaka chamawa mukunenacho munthu uja adzakhala atapatsidwa kale kampu zaka zina ziwiri, atakhazikika, nkhani yanga itaiwalika. Pano anthu akadanong'onezana. Ndikufuna kumukankha akadali pa mwendo umodzi.

Mukufunsa ngati ndapeza chochita. Ndapeza. Ndimapinda matawulo pa malo ena olimbitsira thupi, kumene mabwana a mimba amabwera kudzayenda pa makina akuonera mpira. Wina anandizindikira, anandipempha ndimujambule atanyamula makilo makumi awiri. Ndinamujambula. Ketulo ndimathira madzi theka chifukwa yodzaza sinditha. Tsitsi ndinameta lonse, mkono sufika kumutu. Mukamamvera chisoni msana wa Mzime muziganizako zimenezi.

Lachitatu pochokera kuchipatala ndinadutsa ku kampu. Kuseri kuli windo losweka pakona, ndimalidziwa chifukwa ndinaliswa ndine. Ndinaima pa njerwa n'kusuzumira. Mtsikana wake ananyamula 100, ndinawerenga mbale ndekha, ine amene sindinkawerenga. Munthu uja anamusisita pamutu ndi dzanja lomwe lija, cholembera chili kukhutu. Chithunzi changa chomwe chinali pamwamba pa chitseko anachotsa, pangotsala msomali. Ndinatsika pa njerwapo n'kumapita.

Manambala sasintha. Ngati inu simungathe, nenani, ndibwera kudzamutenga Mzime azikhala kuno ndi ine, mbale ndizilowetsa ndekha ndi dzanja limodzi. Sankhani.

Jeke


30 Ogasiti

Jeke,

Moni. Kuno tilipo, amayi akupereka moni. Pepani kuchedwa kuyankha makalata ako awiri aja, ntchito yachuluka, a kusukulu andipatsa mageti atatu ndi mawindo a kalasi yonse.

Mzime 95 wanyamula. Msana wasiya kumuvuta, akusesa choimirira. Palibe chifukwa choti ubwere kudzamutenga, zonse zikuyenda monga mwa pepala.

Ndodo zowotcherera zikusowa kuno, ndikugwiritsa zonenepa pa zitsulo zopyapyala, zikumaboola. Kumeneko kukutentha?

Mchimwene wako


4 Okutobala

Achimwene anga okondedwa,

Moni wa chimwemwe. Kakalata kanu kakuti 103 yatheka ndakamata pakhoma pamwamba pa bedi. Mwaona? Munkati mwana athyoka. Magazi a bambo sathyoka wamba, anga anachita kuwapereka ndi cholembera.

Zolembetsa ndamaliza. Ndinapita ndekha ku ofesi ya bungwe. Mlembi atawerenga pa mzere wa kochi n'kupeza dzina langa anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Anandifunsa ngati ndaganizanso za mwambo wa nsapato uja. Ndinati nsapatozo adzaziona pathabwa mu Novembala, zili ndi mapazi m'kati. Potuluka ndinakumana ndi munthu uja pa masitepe. Anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, mkono uli bwanji?" Ndinamuyang'ana mpaka analibweza m'thumba. Achimwene, chakudya chinandikomera tsiku limenelo koyamba chichokereni m'chipatala.

Mtsikana wake akuti waima pa 103 kapena 104, sakupitirira. Wathu akafika 103 m'shedi, pa ekiselo yokhota ndi masaka a makala, pa chitsulo chenicheni chozungulira bwino adzakwanitsa 105 osatuluka n'thukuta. Ndawerengera zonse.

Mu envelopu muno muli makhadi a mpikisano. Mzime asaine m'munsimo, pena paliponse asalembe kanthu, munditumizire msanga. Ndikudziwa zimene mukuganiza. Musaziganize. Uja anali mlendo wofuna mpando, ine ndine mchemwali wake.

Mudzafike pa 11 Novembala, mpikisano ndi mawa lake. Ine ndidzasamukira kufupi ndi holo kutatsala sabata imodzi kuti ndione zonse, thabwa, magetsi, ndi pomwe iye adzakhale. Mzime mumuuze kuti ndamugulira thonje la kuchipatala, losagwa.

Jeke wanu


1 Novembala

Mlongo wanga,

Moni. Kalata iyi ndaiyamba katatu. Ziwiri zoyambazo ndayatsira moto.

Jeke, ndakhala ndikukunamiza kuyambira Julayi. Utanena zodzamutenga Mzime ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti kumeneko kulibe womuchotsera mbale. Ndiye pansi pa masaka ndinayamba kuika zanga. Pepala likati 90, ine ndinkaika 80. Likati 95, ndinkaika 84. Msana unachira chifukwa cha zimenezo, osati nsalu yotentha. Iye amanyamula akusangalala, n'kundifunsa ngati achemwali akondwa, ine n'kumati akondwa kwambiri.

Chachikulu chomwe Mzime wanyamulapo chibadwire ndi 88. Kamodzi kokha, ndipo atatsitsa anakhala pansi nthawi yaitali akuona mdima. 103 sanaikhudzepo. Iye sakudziwa kanthu, cholakwa ndi changa ndekha.

Ndinkati nthawi ilipo, ndidzakuuza mtima wako ukazizira. Sunazizire, ndipo ine ndinazolowera bodza langa. Makhadi aja ndinatumiza sabata yatha atasaina. Nditawaponya m'bokosi la positi m'pamene ndinazindikira chimene ndachita: ndakupatsa cholembera ndi nambala yabodza, ndipo mwana adzakhala atafulatira.

Unditukwane mmene ungafunire, ndilandira. Koma pa khadi lija usalembe choposa 90. Akagonja agonje, abwere kunyumba ndi miyendo yake. Ndagwira mwendo wako.

Mchimwene wako


16 Novembala

Achimwene, ndi iwe Mzime,

Moni sindikudziwa ngati mukuufuna, popeza munachoka pa holo osanditsanzika.

Kalata yanu ya pa 1 ndaipeza dzulo pansi pa chitseko, nditabwerako. Inafika ine nditasamuka kale. Ndaiwerenga nditaimirira, chikwama chili paphewa. Miyezi inayi, achimwene. Miyezi inayi ndikumata mabodza anu pakhoma ngati satifiketi. Ndinkadana ndi munthu mmodzi pa dziko lino, tsopano mwandipatsa ntchito yoonjezera.

Munthu uja amupatsanso kampu zaka ziwiri. Mtsikana wake wapambana ndi 104. Pa nkhomaliro ya akuluakulu ndinamva kuti ananena kuti amandikhululukira, poti ululu umasokoneza mutu. Amandikhululukira iyeyo.

Ndipo iwe Mzime, ndikufuna undiuze chinachitika n'chiyani. Kawiri koyamba unanyamula. Kachitatu, komwe kanali kothetsa zonse, unafika pathabwa n'kuchokapo osagwira n'komwe chitsulo. Za nsapato zija dzanja langa likukana kulemba. Unandivula pamaso pa holo yonse, iye ataima pambali panga. Ngati unachita mantha, nena, mantha si mlandu. Ngati ndi achimwene anakuuza kanthu, nenanso.

Ine ndinalemba 105 chifukwa ndinkadziwa kuti unanyamulapo 103. Ndikanadziwa zoona sindikanalemba. Wokunamiza ndi amene unakwera naye basi imodzi pobwerera, osati ine.

Ndikudikira yankho.

Jeke


3 Disembala

Achemwali,

Moni. Amayi ali bwino. Achimwene sakuyankhani, akuti zonse ananena kale, ndiye ndiyankhe ndine. Makalata anu onse atatu ndalandira, ndipo onse akufunsa chinthu chimodzi.

Sindinachite mantha, ndipo achimwene sanandiuze kanthu. Ndinadziwa ndekha mu Ogasiti. Tsiku lina masana iwo atapita kukakhoma geti kusukulu, ndinavundukula masaka. Bambo anadinda kulemera pa mbale iliyonse ndi tchizulo, ndiye ndinawonkhetsa n'kupeza 84. Pepala lanu, lomwe amabisa m'bokosi la ndodo zowotcherera, linkati 95. Ndinavundikiranso. Sindinafune kuti mukangane, komanso ndinadziuza kuti makalata akhoza kunama, koma achemwali akadzandiona ndi maso awo adzadziwa, n'kulemba zoona. Makhadi aja ndinasaina ndikudziwa zonsezi. Ndinkakukhulupirirani choncho.

Mukuti mukanadziwa simukanalemba. Tiyeni tikumbutsane.

M'chipinda chotenthetsera thupi munandiikira 85, mukuti n'njongoyambira. Inandipinda. Ndinakuonani mukusiya kupukuta choko m'manja. Kenako achimwene anakukokerani pakhomo, ine ndikumanga lamba kuseri kwa makabati. Ndi makutu awo aja sadziwa kunong'ona, chipinda chonse chinamva. Anati, "88, Jeke, sanapitirirepo 88, kalata yanga sunailandire?" Inu munati, "Ndamva." Ndipo munamvadi, chifukwa munapita ku tebulo n'kutsitsa nambala yoyamba. Munthu wa 103 sayambira pa 85.

Mudabwa kuti ndadziwa bwanji pomwe ndinayambira. Thonje lanu lija ndinaika khutu limodzi lokha. Lina ndinalifumbata m'dzanja. Ndinkafuna ndimve nokha mukundilembera.

Koyamba wolengeza anati 85, mtima wanga unakhala pansi. Kachiwiri anati 88, ndinanyamula, maso anada, msana unalira, koma m'kati ndinkaseka. Ndinati achemwali andiona. Ndinakhala pa benchi ndikuganiza kuti kachitatu mulemba 89 kapena 90, tigonje bwinobwino, tikagule zakumwa zozizira ndi achimwene.

Ena onse anamaliza, ine osaitanidwa. Mtsikana wa a Kochi ananyamula 104. Ndinali nditafulatira monga mwa masiku onse, koma kutsogolo kwanga kunali chitseko chagalasi, ndipo tebulo linkaoneka m'menemo. Munaima awiri, inu ndi a Kochi, phewa ndi phewa, aliyense ndi cholembera chake. Ndinadikira kuti mutembenuke mundiyang'ane, ngakhale kamodzi, muone mmene ndakhalira. Munkayang'ana iwo. Munawerama n'kulemba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, ndiye nthawi yoganiza inalipo. Kenako wolengeza anati 105, n'kutchula dzina langa.

Achemwali, zinandiwawa kuposa msana.

Ndinapaka choko, ndinakwera pathabwa, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinayang'ana mbale pa mpikisano. Yofiira, yachikasu, ndi kakang'ono, mbali iliyonse. Ndinakuyang'anani. Munagwedeza mutu kuti ndigwire. Apo m'pamene ndinakhala pansi n'kumasula zingwe. Nsapatozo ndinaziika bwinobwino kutsogolo kwa chitsulo, zidendene pamodzi, tizidutswa ta nyuzipepala ija tikugwera pathabwa, ndipo ndinatsika ndi masokosi.

Holo yonse inaimirira. Ankaganiza kuti tinapangana, kuti ndi ulemu wanu. Wolengeza anatchula dzina lanu ndi mamendulo anu onse asanu ndi awiri, a Kochi nawonso akuwomba m'manja pambali panu. Mwambo munaukana uja unachitika, ndipo ndinauchita dala. Ndinkafuna zikuwaweni. Sindikupepesa.

Nsapatozo ndinavulira tonse awiri. A Kochi anandipeza pakhomo, akuti ndili ndi tsogolo, ndibwere ku kampu. Ndinawauza kuti ndinaphunzira kuwerenga. Ekiselo ija ili pakona pa shedi, masaka amayi anatenga, abwerera ku makala. Ine ndayamba kugwira makina owotcherera, achimwene akuti dzanja langa silinjenjemera.

Zomwe anakuchitani munthu uja n'zoipa, ndipo ndidzanena choncho kwa aliyense mpaka kufa. Koma iye anawonjezera makilo asanu ndi atatu kwa mwana wa eni. Inu munawonjezera khumi ndi asanu ndi awiri kwa mwana amene munkamukhazika padenga.

Ndinati ndilembe kuti sindikudana nanu, koma m'banja muno mabodza a m'makalata akwana. Pakali pano ndikudana nanu. Mwina zidzatha, amayi akuti zimatha. Chipinda chanu mapaipi tinachotsa, chili chosesa.

Mukafuna kundilembera lembani, ndiwerenga. Mundiuze ngati mkono wayamba kufika kumutu, ngati ketulo mukuidzaza. Koma musaikemo nambala.

Mzime